Zikiri ndi Swala pa Matenda a Mgonagona: Chidule cha Khutuba ya Jumu'a

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini kuchiritsa. Madalitso ndi mtendere zikhale kwa Mtumiki wake Muhammad (Swallallahu alaihi wasallam).

Asilamu anzathu, m'midzi yathu ya m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Lifuwu, Senga Bay mpaka ku Chipoka, ndi mabanja ochepa amene alibe wodwala matenda a mgonagona monga shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu, nyamakazi kapena kachilombo ka HIV. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa chaka cha 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Matenda otere sachoka ngati malungo. Munthu amagona nawo ndi kudzuka nawo. Kodi Msilamu angausenze bwanji mtolo umenewu?

Tiyambe tamvetsa zimene nkhawa imachita m'thupi. Munthu akachita mantha, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, timene timathamangitsa mtima ndi kukweza shuga m'magazi. Izi zimathandiza msodzi amene mwera wam'peza pakati pa nyanja, pakuti amafuna mphamvu zopalasira. Koma kwa wodwala amene amachezera usiku kulingalira za ngongole ndi ndalama yopitira kuchipatala, mwerawo sutha. Tulo timasowa, ululu umakula, ndipo nthenda imapeza mpata.

Mu 1975 dokotala wa ku Harvard, Herbert Benson, anafotokoza kuti kukhala pansi modekha ndi kubwereza liwu limodzi kapena pemphero kumachepetsa kugunda kwa mtima ndi liwiro la kupuma. Ife sitikumbukira Allah chifukwa madokotala avomereza. Zikiri ndi ibada. Komabe Qur'an, mu Surat Ar-Ra'd ndime 28, inalumikiza kale kukumbukira Allah ndi kukhazikika kwa mitima. Pa zimenezi tiphunzirepo zinthu zinayi.

Choyamba, tisasiye Swala chifukwa cha kudwala, ndipo tisaithamange. Swahaba Imran bin Husain atavutika ndi nthenda, Mtumiki anamuloleza kuswali chikhalire, ndipo akalephera, chogona cham'mbali. Ngati madzi akuwonjezera matenda, tayammamu ilipo. Chofunika ndi kudekha pa rukuu ndi pa sijida mpaka chiwalo chilichonse chikhazikike.

Chachiwiri, Swala ikatha tisafulumire kudzuka. Tinene Subhanallah, Alhamdulillah ndi Allahu Akbar ka 33 liwu lililonse, tikupuma pang'onopang'ono, makamaka potulutsa mpweya, pakuti kupuma kotere kumabweza mtima m'malo mwake. Maganizo akathawira ku mavuto, tiwabweze mofatsa ku tanthauzo la mawuwo.

Chachitatu, ululu ukabwera tisalimbane nawo mwaukali. Uthman bin Abil-Aas atadandaula za kupweteka m'thupi, Mtumiki anamuphunzitsa kuika dzanja pamalo popwetekapo, kutchula dzina la Allah katatu, ndi kupempha chitetezo chake kasanu ndi kawiri. Ululu sungathe nthawi yomweyo, koma mantha amene amaukuza amachepa.

Chachinayi, wodwala asakhale yekha. Amene angathe ayende pansi kupita kumzikiti, pakuti kuyenda kumathandiza pa shuga ndi pa kuthamanga kwa magazi. Amene sangathe tikamuzonde, chifukwa ndi udindo wa Msilamu pa m'bale wake. Mutu umodzi susenza denga.

Tsopano chenjezo. Zikiri silowa m'malo mwa mankhwala. Mneneri Ayubu (Alaihi salaam) anapirira ndi kupempha, komabe Surat Swaad ikutiuza kuti analamulidwa kuponda pansi ndi phazi kuti apeze madzi osamba ndi akumwa. Kuyezamira kwa Allah kumayendera limodzi ndi kuchitapo kanthu. Mankhwala a ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo ambiri amene tikadawaika m'manda tikuswali nawo lero. Munthu aliyense wouza wodwala kuti ataye mankhwala chifukwa wapemphereredwa akuika moyo pachiswe. Kumva bwino sikutanthauza kuti nthenda yatha, makamaka kuthamanga kwa magazi kumene kumawononga mwakachetechete. Tipitirize kukapimitsa ku chipatala cha boma cha Salima kapena ku chipatala chaching'ono chapafupi.

Chimodzimodzinso m'mwezi wa Ramadhani: wodwala shuga afunse dokotala asanayambe kumanga. Surat Al-Baqara inapereka chilolezo kwa wodwala kubweza masiku akachira, ndipo amene nthenda yake ndi yosatha adyetse wosauka pa tsiku lililonse. Kulandira chilolezo cha Allah si kuchepa kwa imani.

Tikupempha Allah achiritse odwala athu, apatse mphamvu owasamalira, ndipo mavuto awo awasandutse chikhululuko cha machimo. Amin.