KABOTOLO KA ALBUMIN: KATHANDIZA NDANI, KAPWETEKA NDANI?

Kawirikawiri m'mawodi a zipatala zazikulu acibale a wodwala amapatsidwa kapepala ndi kuuzidwa kuti akagule mankhwala ocedwa albumin ku sitolo la mankhwala m'tauni. Akafika kumeneko amadabwa. Kabotolo kake ndi kakang'ono, kosafika ndi theka lomwe la botolo la Fanta, madzi ake ndi acikasu pang'ono, koma mtengo wake ungathe kumeza ndalama zimene banja lonse likanadyera kwa masiku ambiri. Pamenepo kusonkherana kumayamba, ena amathamangira kaloba, ndipo onse amakhulupirira kuti cinthu codula motere ndico cidzadzutsa m'bale wao. Nthawi zina zimakhaladi conco. Nthawi zina ai.

Albumin si mankhwala ocokera ku mitengo kapena osakaniza m'fakitale. Ndi puloteni ya m'magazi a munthu. Ciwindi ca munthu wamkulu wathanzi cimapanga magalamu 10 kufika 15 tsiku ndi tsiku, ndipo mu lita imodzi ya madzi a magazi mumapezeka magalamu 35 kufika 50. Nchito yake yaikulu ndi kugwira madzi kuti akhale m'mitsempha. Akacepa kwambiri, madzi amatuluka ndi kukaunjikana pamene safunika: mapazi amatupa kotero kuti munthu akadinikiza ndi cala pamatsala kadzenje, ndipo mimba ingadzale madzi mpaka kuoneka ngati ya mai woyembekezera.

Wa m'botolo amacotsedwa m'magazi amene anthu apereka. Njira yake anaitulukira ndi Edwin Cohn wa pa yunivesite ya Harvard ku America m'nthawi ya Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, ndipo ena mwa anthu oyamba kumulandira anali asilikali amene anapsa ndi moto ku Pearl Harbor mu December 1941. Asanamutumize ku zipatala amamutenthetsa pa madigiri 60 kwa maola 10, kutentha kumene kumapha kacirombo ka HIV ndi tizirombo ta matenda a ciwindi. Cotero mantha akuti munthu angatengeremo AIDS alibe maziko. Safunanso kupima gulu la magazi monga zicitikira poika munthu magazi enieni. Ulendo wautali wotere, kucoka pa mkono wa wopereka magazi kufika m'botolo locokera kunja kwa dziko, ndiwo umakweza mtengo.

Alipo wa mitundu iwiri. Wosungunuka, wa 4 kapena 5 peresenti, amangoonjezera madzi m'mitsempha. Wokhuthala, wa 20 kapena 25 peresenti, amakokanso madzi amene anathawira m'minofu kuti abwerere m'magazi. Kabotolo ka mamililita 100 ka 20 peresenti kali ndi magalamu 20.

Amene amapindula kwenikweni ndi odwala ciwindi couma, matenda amene m'makomboni amabwera kwambiri kaamba ka kacasu ndi mowa wina waukali, ndiponso kacirombo ka hepatitis B. Mimba ya wodwala wotere ikadzala madzi mpaka kumulepheretsa kupuma ndi kudya, dotolo amaboola ndi singano ndi kukhetsa madziwo. Akakhetsa ocepa, nthawi zambiri albumin safunika. Koma akapitirira malita 5, madzi ena amayamba kuthawa m'mitsempha kukadzaza malo amene atsala, magazi amayenda mofooka, ndipo impso zingaleke kugwira nchito patapita masiku ocepa. Pofuna kupewa zimenezi madotolo amapereka magalamu 6 kufika 8 pa lita iliyonse imene yakhetsedwa. Masamu ake ndi apafupi: malita 8 afuna magalamu 48 kufika 64, ndiko kuti timabotolo titatu. Banja limene lagula kamodzi kokha liyenera kunena zoona kwa dotolo asanayambe kukhetsa, kuti iye aone madzi amene angacotse popanda ngozi.

Palinso nthawi imene madzi a m'mimba aja amalowedwa ndi tizirombo, wodwala nayamba kutentha thupi, kumva kuwawa m'mimba kapena kusokonezeka mutu. Mu 1999 madotolo a ku Spain anafalitsa zimene anapeza pa odwala 126 a vuto limeneli. Mwa amene analandira mankhwala opha tizirombo okha, 29 pa 100 alionse anafera m'cipatala, koma mwa amene analandiranso albumin anafa ndi 10 cabe pa 100. Apa ndalama siipita pacabe. Ndi cimodzimodzi impso zikayamba kufooka cifukwa ca ciwindi, ndiponso kwa ena amene apsa kwambiri ndi moto, tsiku loyamba likapita.

Komabe albumin sacirikiza ciwindi cimene cinaonongeka kale. Amangothandiza wodwala kuoloka masiku oopsa. Kufufuza kwa ku Britain kumene kunafalitsidwa mu 2021, pa odwala ciwindi 777, kunaonetsa kuti kuwaika albumin tsiku ndi tsiku pofuna kungokweza nambala ya pa pepala la ku labu sikunawathandize, ndipo ambiri mwa iwo anadzala madzi m'mapapo kuposa anzao. Kuleka mowa kotheratu, kucepetsa mcere m'ndiwo ndi kumwa mapiritsi okodzetsa monga mwa malangizo ndizo zimene zimacedwetsa mimba kudzalanso.

Kwa ana amene impso zao zimataya puloteni mu mkodzo, amene amadzuka ndi nkhope yotupa ndi kukodza mkodzo wa thovu, albumin amaperekedwa mwa apo ndi apo, kutupa kukafika poipa. Sakhalitsa, amatulukanso ndi mkodzo womwewo. Cimene cimatseka kudonthako mwa ana ambiri ndi mapiritsi a prednisolone, amene mtengo wake ndi wocepa.

Anthu ambiri ali ndi cikhulupiriro cakuti dilipi iliyonse ndi mphamvu, ndipo yodula ndiyo mphamvu yoposa. Maganizo amenewa aonongetsa ndalama zambiri. Puloteni imene iri m'kabotolo kamodzi ifanana ndi ya m'mazira atatu. Munthu amene waonda ndi TB, AIDS kapena kansa amakhaladi ndi albumin wocepa m'magazi, koma cimeneco ndi cizindikiro cabe ca matenda ake. Cofunika ndi kucepetsa matendawo ndi mankhwala ake, ndi kumudyetsa nsima ya kapenta, nyemba, nshawa, mazira kapena mkaka. Mwana wotupa mapazi ndi wofiira tsitsi cifukwa ca kuperewera kwa cakudya ndiye safunika dilipi yotere mpang'ono pomwe, popeza mtima wake ndi wofooka ndipo madzi olowa mwamsanga m'mitsempha angauimitse. Iye amacira ndi mkaka wapadera wa ku wodi ya ana, woperekedwa pang'onopang'ono.

Ngakhale madotolo anatsutsana kwa zaka zambiri pa nkhani imeneyi. Mu 2004 zipatala za ku Australia ndi New Zealand zinayerekeza albumin ndi madzi a mcere wamba a m'dilipi pa odwala mwakayakaya pafupifupi 7,000, ndipo imfa zinali zofanana mbali zonse ziwiri. Kwa ovulala m'mutu zinthu zinaipa: patapita zaka ziwiri, 33 pa 100 mwa olandira albumin anali atafa, pamene mwa olandira madzi a mcere anali 20 pa 100. Ndico cifukwa cake munthu wovulala mutu pa ngozi ya minibasi sapatsidwa albumin wosungunuka uja. Kufupi ndi kuno, kufufuza kwa mu 2011 pa ana oposa 3,000 a ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, ambiri a iwo odwala malungo, kunapeza kuti kuwathira albumin kapena madzi a mcere mothamanga kunapha ana oposa 10 pa 100 m'masiku awiri, pamene mwa amene analandira madzi modekha anafa ndi 7 pa 100. Nesi amene akana kufulumizitsa dilipi ya mwana si waulesi ai.

Ngozi yaikulu ya albumin ndi yomweyo ya kuculuka kwa madzi. Mitsempha ikadzala kuposa mmene mtima ungapopere, madzi amasefukira m'mapapo. Amene ali pa ngozi kwambiri ndi okalamba, odwala mtima, a BP yokwera, ocepa magazi kwambiri ndi amene aleka kukodza. Wodwazika amene ali pambali pa bedi ndiye amaona zinthu msanga, ndipo ayenera kuitana anesi nthawi yomweyo akaona wodwala abanika, atsokomola thovu, akana kugona cagada, kapena adandaula mutu waukulu. Ena, ngakhale ndi ocepa, thupi lao limakana mankhwalawa: amanjenjemera, kutentha thupi, kutuluka zidzolo zoyabwa, kutupa milomo kapena kucita cizungulire. Zikatero dilipi imatsekedwa coyamba, mafunso pambuyo. Wodwazika asakhudze kagudumu ka pa paipi, ngakhale madontho aoneke ngati acedwa.

Pogula, acibale apite ku sitolo la mankhwala limene liri ndi cilolezo ca boma, osati kwa munthu woima pa geti la cipatala amene anena kuti ali nako kochipa. Aone tsiku lothera mphamvu, cotsekera cikhale cosaboola, ndipo madzi ake akhale oyera bwino, opanda mitambo kapena tizinthu toyandama. Asakasiye pa dzuwa kapena kukaumitsa mu firiji. Kabotolo kakabooledwa kamagwiritsidwa nchito pomwepo, kotsala sikasungidwira mawa. Kuitana munthu kuti adzaike dilipi yotere kunyumba ndi kuika moyo pa ciswe, pakuti kunyumba kulibe okosijeni kapena jekeseni yocotsa madzi m'mapapo.

Popeza albumin acokera m'magazi, wodwala ali ndi ufulu wouzidwa zimenezi asanamulandire. A Mboni za Yehova, amene amakana kuikidwa magazi, amasiya nkhani ya tizigawo tating'ono monga albumin kuti munthu aliyense asankhe yekha, cotero ndi bwino kufunsa mwini wakeyo akali ndi mphamvu zoyankha.

Banja lisanapite kukakongola, lingafunse dotolo mwaulemu kuti albumin afunikira ciani kwa wodwala wao, afunika timabotolo tingati ndi pa tsiku liti, ndiponso kuti pali njira ina yotani ngati ndalama zalephera kukwana. Kwa wodwala wa madzi m'mimba, njira ina imakhalapo nthawi zambiri: kukhetsa malita osapitirira 5 pa ulendo umodzi, ndi kubweranso tsiku lina.