Masewera a pa sinoo: mdani wamkulu ndi thukuta

Mu caka ca 1998, pa masewera a Olympic a nyengo yozizira ku Nagano m'dziko la Japan, mnyamata wa ku Kenya, Philip Boit, anapikisana nao pa liwiro la makilomita 10 pa sinoo. Iye anali wothamanga wa pansi amene anaphunzira ski atakula kale, ndipo anafika pothera pa onse. Wopambana, Bjørn Dæhlie wa ku Norway, anamudikira mpaka anafika ndi kumukumbatira. Nkhaniyi ionetsa kuti munthu wobadwira kotentha angathe kuphunzira masewerawa. Cimene afunika kudziwa asanayambe ndi mmene cisanu cimagwirira thupi.

Masewerawa amachedwa cross-country skiing. Asiyana ndi aja otsetsereka pa phiri mwaliwiro. Munthu amavala timatabwa tiwiri tating'ono m'lifupi koma tatitali, nsapato imamangidwa ku zala cabe, cidendene n'kukhala comasuka. M'manja amagwira ndodo ziwiri zofika m'khwapa. Ku malo a chuthi monga Lillehammer ku Norway, makina amalemba mizere iwiri pa sinoo ngati njanji, ndipo woyenda amaika ski iliyonse mu mzere wace. Kayendedwe kace n'kofanana ndi kuyenda wamba: mwendo wamanja upita patsogolo pamodzi ndi dzanja lamanzere. Pokwera mtunda amatangadza mapazi. Potsika amayandikitsa nsonga za kutsogolo kuti acepetse liwiro, ndipo akalephera ndi bwino kukhala pansi cambali.

Ubwino wace ndi wakuti miyendo, manja, msana, mtima ndi mapapo zonse zimagwira nchito, koma maondo sagundika monga pothamanga. Cifukwa ca ici, ngakhale nkhalamba zimacita masewerawa. Woyamba kumene ayenera kupeza mphunzitsi tsiku loyamba, kusankha njira ya pa cidikha, ndi kubwerera asanatope.

Kuvala

Apa ndi pamene alendo ambiri amalakwa. Poopa mphepo, amavala jekete yaikulu ndi majuzi angapo. Pakapita mphindi zocepa thupi limatentha ngati mbaula, thukuta n'kunyowetsa zovala zonse. Akangoima kuti apumule, zovala zonyowazo zimayamba kucotsa kutentha m'thupi mofulumira.

Njira yabwino ndi kuvala zopyapyala zitatu mosanjikiza: ca mkati ca ubweya wa nkhosa kapena nsalu yosasunga madzi, ca pakati juzi yopepuka, ca kunja jekete yochinga mphepo. Malaya a kotoni ndi majini n'zosayenera cifukwa zikanyowa siziuma msanga. Ponyamuka munthu azimvako kamphepo pang'ono. Jekete yaikulu ikhale m'cola, aivale akaima. Cisote cobisa makutu, magulovu ndi masokosi ouma apadera zisasowe.

Zizindikiro za ngozi

Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37. Likatsika kupitirira madigiri 35, moyo uli pa ngozi. Wodwala amanjenjemera, amapunthwa, amalankhula ngati woledzera ndipo amasokonezeka mutu. Kunjenjemera kukaleka iye akali wozizira, zinthu zafika poipa. Amulowetse m'nyumba, amuvule zonyowa, amufunditse ndi kuitana acipatala. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, amupatse cakumwa cofunda ca shuga. Mowa ai, cifukwa umatsegula mitsempha ya pa khungu, munthu n'kumamva kufunda pamene kutentha kukuthawa.

Vuto lina ndi kuuma kwa zala, makutu ndi mphuno. Khungu limacita dzanzi, limalimba ndi kutuwa. Malowo asawatikite, asawapake sinoo, ndiponso asawaothetse pa moto, pakuti khungu la dzanzi limapsa mwini wace osamva. Awaviike m'madzi ofunda a madigiri 37 mpaka 39. Madotolo a asilikali ku Britain anapeza kuti asilikali ocokera ku Africa ndi ku Caribbean amavulala manja ndi mapazi ndi cisanu kawirikawiri kuposa anzao acizungu. Cotero wocokera kuno asapikisane ndi eni dziko pa kupirira.

Odwala sickle cell acenjere koposa. Kuzizira, kusowa madzi m'thupi ndi mpweya wocepa wa pamwamba pa mapiri zimadzutsa ululu wa matendawa. Iwo, pamodzi ndi odwala mtima, asima ndi shuga, aonane ndi dotolo ulendo usanayambe.

Maso ndi madzi

Sinoo yatsopano imabweza mpaka 80 peresenti ya ceza ca dzuwa cimene cimaocha. Woyenda wopanda magalasi akuda samamva kanthu masana, koma usiku maso amapweteka ngati alowa mcenga. Ludzu nalonso silimveka kozizira, pamene thupi likutaya madzi m'thukuta ndi m'mpweya. Botolo la tiyi ndi kakudya kopatsa mphamvu zikhale m'cola, ndipo azimwa pafupipafupi.

Kubwerera pa nthawi

Ku mapiri kumazizira kuposa ku cigwa, pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 alionse okwera. Ku Lillehammer mu December dzuwa silikwanitsa maola 6 lisanalowe. Ngakhale akatswiri amaimitsa mpikisano kukazizira kupitirira madigiri 20 pansi pa ziro.

Eni dzikowo anaphunzira mowawa. Pa chuthi ca Isitala mu 1967, anthu 18 anafera m'mapiri a Norway. Pambuyo pace bungwe la Red Cross ndi bungwe la oyenda m'mapiri anayamba kuphunzitsa anthu mwamphamvu malamulo a ku phiri. Malamulowo amati munthu amvere za nyengo asananyamuke, auze ena kumene akupita, asankhe ulendo wolingana ndi mphamvu zace, ndipo abwerere nthawi ikalipo, pakuti kubwerera si manyazi.

Banja limene lili ndi mwana kapena m'bale wophunzira kapena wogwira nchito ku maiko ozizira lingacite bwino kumukumbutsa zimenezi akachula za chuthi ca ku mapiri: avale zopepuka, asunge zouma m'cola, asapite yekha, ndipo afike pa nyumba kusanade.