Tisanalembetse pulogalamu ya pakompyuta: phunziro la e-toll ku Ekurhuleni

Amene anayendapo pa msewu wa R21 kuchokera ku bwalo la ndege la OR Tambo ku Kempton Park, kapena pa N12 kudzera ku Boksburg, amadziwa zipata zachitsulo zopingasa pamwamba pa msewu. Zipatazo zinali maso a e-toll, njira yotolera msonkho wa pamsewu popanda kuimitsa galimoto. Bungwe la SANRAL linaiyamba pa 3 Disembala 2013, ndipo boma linaitseka pa 11 Epulo 2024.

Makinawo ankaigwira ntchito yake. Ankazindikira kachipangizo ka e-tag kapena nambala ya galimoto, kompyuta n'kulemba ngongole. Koma kutolera ndalamazo kunadalira zinthu ziwiri zimene pulogalamu sikanatha kuzilamulira: kuti adiresi ya mwini galimoto m'kaundula wa boma ikhale yolondola, ndiponso kuti anthu avomere kulipira. Ambiri anakana, ndipo bungwe la OUTA linatsutsa dongosololi m'makhoti. Mu Okutobala 2022 nduna ya zachuma, Enoch Godongwana, inalengeza kuti boma lalikulu lisenza magawo 70 pa 100 a ngongole ya misewuyo, chigawo cha Gauteng magawo 30.

Ife amene tikufuna mapulogalamu olondolera katundu, malonda kapena ziphaso tiphunzirepo ziwiri.

Choyamba ndicho kuika malire. Tilembe momveka zimene pulogalamu idzachita, zimene sidzachita, ndi zimene idzatenga kwa ena, monga kaundula amene sitimusunga ndife. Chimene tasiya kunja kwa malire tichipezere mwini wake, pakuti chikasowa woyang'anira chimagwetsa ntchito yonse.

Chachiwiri ndicho kuyesa ngati ntchitoyo ndi yotheka. Funso lakuti makina angathe kodi limayankhika msanga. Ovuta ndi awa: ndani adzalowetsa manambala tsiku ndi tsiku? Adzapindulanji? Intaneti ikaduka adzatani? Theka la ogwiritsa ntchito likakana, ndalama zoyendetsera zidzachokera kuti?

Mayankho ake timawapeza poyesa pang'ono, m'sitolo imodzi kapena m'boma limodzi, kwa nyengo imodzi ya malonda, tisanasaine mgwirizano waukulu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusintha chiganizo pa pepala kumadya tsiku limodzi. Kusintha pulogalamu yomalizidwa kumadya miyezi ndi ndalama za mamembala.