Sitolo ya ku Rochdale ndi Chinsinsi Chosunga Ogula

Amalonda ambiri ayesa kuti wogula amagwidwa mtima ndi mtengo wotsika wokha. Mbiri ya tauni ya Rochdale ku Mangalande itiphunzitsa zina.

Pa 21 December 1844 amuna 28, ambiri a iwo owomba nsalu, anatsegula kasitolo mu msewu wa Toad Lane, atasonkha paundi imodi yense. Masiku amenewo eni sitolo ena ankathira choko mu ufa ndi kunyenga pa sikelo. Koma amunawa anagulitsa ufa, shuga, batala ndi makandulo pa muyeso woona, nagawa phindu kwa mamembala monga mwa zimene yense anagula. Pamsonkhano wolemera ndi wosauka anali ndi voti imodi imodi. Pambuyo pake anapatula gawo la phindu kuti likhale la maphunziro, natsegula chipinda chowerengeramo mabuku.

Motero wogula anasanduka mwini, ndipo mwini sathawa chake. Malamulo awo ndiwo maziko a makopaletivu a lero. Inu aphunzitsi ndi akalaliki amene muyendetsa mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama, dzifunseni: kodi membala wanu adziona ngati mwini, kapena ngati wapaulendo?