Bondo Likamawawa, Kumbukirani Goli la Ng'ombe

Mwezi wa Meyi ukafika, njira za ku Chiosya zimakhala za ngolo. Chimanga chikuchoka kumunda, mtedza ndi soya zikupita kumsika, ndipo ng'ombe zomwe zakhala miyezi ingapo zikungodya msipu zimapezeka pagoli kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka. Amene anakulira pakhomo pa ngolo akudziwa chomwe chimatsatira. Pakapita masiku, ng'ombe imodzi imayamba kukana goli. Pakhosi patupa, ubweya wathothoka, mwinanso pachita bala. Mlimi wodziwa ntchito yake sathera nzeru zonse pakhosipo. Amaganizira matumba amene wakhala akukweza, amaona ngati goli likukhala mowongoka, kenako amayang'anitsitsa ng'ombe inzake, chifukwa ina ikamatsalira m'mbuyo goli limapendekeka n'kumakhula khosi la imene ikukoka.

Ndayambira pangolo chifukwa pali ululu wina wa bondo umene umamveka msanga ukaufanizira ndi khosi la ng'ombe. Ndi uja wa kutsogolo kwa bondo, mozungulira kapena kuseri kwa kafupa konga kambale kamene mumakagwira mukawongola mwendo. Madokotala amautcha patellofemoral pain. Mwini wake sanagwe, sanagundidwe, bondo silinatupe kwenikweni. Koma akati anyonyomale kuchimbudzi, atsike chitunda atasenza ndowa, akwere pakhonde, kapena adzuke atakhala nthawi yaitali m'minibasi ya ku Lilongwe maondo atapindika, amachita kuluma mano. Mukamufunsa pamene pakuwawa saloza ndi chala chimodzi, amaphimba bondo lonse ndi chikhatho. Ululuwu umakonda achinyamata ndi anthu a msinkhu wapakati, makamaka atsikana ndi amayi, ndipo si nyamakazi ya agogo ija yomwe imabwera mafupa akaperepeseka ndi ukalamba. Ofufuza a ku Britain atasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana mu 2018, anapeza kuti pachaka munthu mmodzi mwa anthu 4 kapena 5 amaumva.

Ntchito ya kambale aka ndi ya mwala uja timauika pansi pa mtengo tikamazula chitsa. Minofu yakutsogolo kwa ntchafu imakoka msongolo kudzera mumtsempha, ndipo kambale kamakhala pakati pa mtsemphawo, kuutukula pang'ono kuti mphamvu yochepa iwongole mwendo. Kamayenda m'kangalande ka kumapeto kwa fupa la ntchafu, kutsika bondo likapindika, kukwera likawongoka. Mwala wozulira chitsa ndi umene umapanikizika kwambiri, ndipo kambale n'chimodzimodzi. Kuwerengera kwa Reilly ndi Martens kwa mu 1972, komwe kumatchulidwabe mpaka lero, kunasonyeza kuti poyenda pamalo osalala kambale kamapanikizidwa ndi mphamvu yokwana theka la kulemera kwa munthu, pokwera masitepe kupitirira katatu kulemera kwake, ndipo ponyonyomala kwambiri kasanu n'kawiri kapena kuposa. Mayi wolemera makilogalamu 60 akanyonyomala pamoto n'kudzuka, maondo ake anyamula zolemera ngati matumba angapo a fetereza. Bondo linapangidwa kuti lizitha zimenezi, ngati mmene khosi la mfule limathera goli. Vuto limabwera katundu akachuluka mwadzidzidzi kuposa zimene thupi linazolowera.

Kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti chowawa ndi chicherewecherewe cha kuseri kwa kambale, kuti chafewa kapena chanyenyeka. Dokotala wina wa mafupa wa ku San Francisco, Scott Dye, anachita chinthu chimene ine ndimachilemekeza kwambiri. Analola mnzake kulowetsa kachipangizo m'maondo ake iye ali maso, osamubaya mankhwala ochititsa dzanzi m'kati mwa bondomo, kuti anene yekha pamene pakuwawa. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1998. Pokhudza chicherewecherewe cha kambale sanamve ululu ayi. Koma atakhudza kanyama kamafuta ka pansi pa kambale ndi kachikopa kofewa kokuta m'kati mwa bondo, ululu unali woopsa. Apa m'pamene anthu ambiri anayamba kuona kuti bondo lotere silinathe ngati tayala lakale. Ndi minofu yamoyo imene yakwiya chifukwa cholemedwa, ndipo chamoyo chikakwiya chimathanso kuphwa. N'chifukwa chakenso X-ray nthawi zambiri imatuluka yoyera, wodwala n'kubwerera kunyumba akudandaula kuti achipatala sanamupeze nthenda. Ngakhale kulira kwa bondo kuja, kwa kuti khere khere munthu akamadzuka, kumapezeka mwa anthu ochuluka amene samva ululu uliwonse.

Tsono ng'ombe ikatupa khosi, mwini ali ndi njira zingapo, ndipo iliyonse ofufuza anaiyesa pabondo la munthu.

Njira yoyamba ndi kuisiya m'khola mpaka ichire yokha. Ku Netherlands, van Linschoten ndi anzake anatenga odwala 131 a zaka 14 mpaka 40 n'kuwagawa mwamaere. Gulu lina linauzidwa kupumitsa bondo likamawawa n'kudikira, lina linaphunzitsidwa mafizo ndi katswiri kwa masabata 6 n'kupitiriza kunyumba kufikira miyezi 3. Lipoti lawo la mu 2009 linati a mafizo ululu unawachepera kwambiri pa miyezi 3, ndipo patatha chaka anali akadali patsogolo pa nkhani ya ululu. Ndinene chilungamo: atafunsidwa ngati achiriratu, magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni. Mafizo anathandiza, koma sanali matsenga. Komanso mawu akuti "zidzatha zokha" ali ndi ngozi yake. Ena mwa odwala a kafukufukuyu ndi a kafukufuku wina wa ku Australia anafunsidwanso patapita zaka 5 mpaka 8, ndipo mwa amene anayankha, 57 pa 100 alionse anati sanachire mokhutira. Ng'ombe yogonera m'khola chilonda chimapola, koma khosi limafewa, ndipo tsiku lobwerera pagoli imayambiranso.

Njira yachiwiri ndi mpeni. Kwathu kuno mpeni wake ndi lumo la mphini, ndipo maondo a anthu ambiri a kumudzi ali ndi zipsera zochitira umboni. Kwa anzathu olemera mpeni wake ndi opaleshoni yolowetsa kakamera m'bondo n'kupalapala zimene dokotala waona kuti zalakwika. Ku Finland, Kettunen ndi anzake anagawa odwala 56 amene anavutika nthawi yaitali: theka anachitidwa opaleshoniyi kenako n'kuchita mafizo apakhomo a masabata 8, theka linalo mafizo okhaokha. Mu 2007 analengeza kuti patatha miyezi 9 magulu onse anali atapezako bwino mofanana, kungoti opaleshoni inadya ndalama zambiri. Atawaonanso patatha zaka 5, nkhani inali yomweyo. Ndimafuna uthenga uwu utafika kwa bambo aliyense amene akuganiza zogulitsa mbuzi kuti mwana wake akang'ambidwe bondo lomwe silinavulale.

Njira yachitatu ndi ija ya mlimi wanzeru, yoyang'ana ng'ombe inzake. Bondo lili pakati pa phazi ndi chiuno, ndipo chimene chimawongolera fupa la ntchafu kuti lisagwere m'kati munthu akaponda ndi mwendo umodzi ndi minofu ya m'matako ndi ya m'mbali mwa chiuno. Ikafooka, ntchafu imapotokera m'kati, kangalande kaja kamasuntha pansi pa kambale, ndiye goli lapendekeka. Ku São Paulo m'dziko la Brazil, Fukuda ndi anzake anayesa zimenezi pa amayi 54 a zaka 20 mpaka 40. Ena analimbitsa minofu ya ntchafu yokha, ena ntchafu ndi chiuno chomwe, kwa masabata 4. Lipoti la mu 2012 linasonyeza kuti patatha chaka, a chiuno ndi ntchafu ndiwo anali bwino kwambiri, pa ululu ndi pogwira ntchito. Akatswiri akutsutsanabe ngati kufooka kwa chiuno ndiko kumayambitsa ululu, kapena ngati ululu ndiwo umachititsa munthu kunyengerera mwendo mpaka chiuno kufooka. Kwa wodwala mkanganowu ulibe kanthu, poti kulimbitsa chiuno kukuthandiza ndithu. Akatswiri a m'maiko ambiri atakumana ku Manchester mu 2015 ndi ku Gold Coast mu 2017, anagwirizana kuti mankhwala oyamba a ululuwu ndi mafizo ophatikiza chiuno ndi ntchafu, ndipo makina othowera bondo ndi magetsi sanawavomereze. Zoika m'nsapato, malinga ndi kafukufuku wa anthu 179 ku Brisbane mu 2008, zimathandiza m'masabata oyamba basi.

Kafukufuku amene wandikhudza kwambiri ndi wa ana. Ku Denmark, Rathleff ndi anzake anatsata ana 151 a zaka 10 mpaka 14, ndipo sanayambe ndi kulimbitsa minofu. Anayamba ndi kutsitsa katundu. Masabata 4 oyamba ana anasiya kaye masewera owawitsa bondo, akuchita mafizo opepuka okha. Kenako analimbitsa chiuno ndi ntchafu, n'kumabwerera kumpira pang'onopang'ono, kukwera sitepe ina pokhapokha yapitayo yatheka popanda ululu wochuluka. Mu 2019 analemba kuti pa masabata 12, ana 86 pa 100 alionse anati apeza bwino. Panalibe gulu lina lowayerekezera nalo, choncho sitinganene kuti zonsezo zinachitika ndi njirayi. Komabe amene anaphunzitsapo mfule wamng'ono aizindikira njira imeneyi: tsiku loyamba goli lokha, kenako chipika, kenako ngolo yopanda kanthu, ndiyeno matumba awiri. Mtsikana wa mpira wamanja amene wakhala tchuthi chonse osathamanga, n'kuyamba kulumpha tsiku ndi tsiku sukulu itangotsegulira, wadumpha masitepe onsewo.

Zofufuza zonsezi zinachitika kutali, pakati pa anthu okhala pamipando amene angathe kusiya masewera mwezi umodzi osagona ndi njala. Mayi wa ku Chiosya sangauze mtedza kuti udikire, ndipo mnyamata wa kabaza sangasiye njinga. Apa fanizo langa likuperewera, chifukwa ng'ombe ili ndi mwini woichotsera matumba, pomwe munthu amadzisenzetsa yekha ndipo bala lake silioneka, mpaka apabanja amamuyesa waulesi. Koma kutsitsa katundu si kusiya ntchito. Kuthothola mtedza utakhala pakampando m'malo monyonyomala tsiku lonse n'kutsitsa katundu. Kutunga kawiri ndi ndowa yaing'ono podutsa motsetsereka n'kutsitsa katundu. Wa kabaza amene chishalo chake chili pansi kwambiri amapalasa bondo litapindika kwambiri, ndiye kungochikweza pang'ono kumapeputsa kambale pa kupalasa kulikonse.

Mafizo ake safuna chipangizo chogula. Mphasa, mpando, njerwa ndi legeni womangira katundu panjinga zakwana. Kugona chammbali n'kumatukula mwendo wapamwamba uli chiwongokere. Kugona chagada maondo atapindika n'kumatukula chiuno. Kumanga legeni pamwamba pa maondo n'kumayenda chammbali. Kudzuka pampando n'kukhalanso pang'onopang'ono osagwira, bondo litalunjika kumene zala zaloza. Pakapita masabata, kukwera ndi kutsika panjerwa ndi mwendo umodzi. Kaululu pang'ono pochita n'kololedwa, bola m'mawa mwake bondo lisadzuke loipirapo. Likaipirapo ndiye kuti matumba achuluka, bwererani m'mbuyo sitepe imodzi. Katatu pasabata, kwa miyezi 3, osati masiku atatu. Bufeni ndi indosidi wa pagolosale amaziziritsa ululu kwa maola ochepa, koma kumwa miyezi yathunthu kumabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuvulaza impso, ndipo bondo limakhala lomwe lija.

Pali maondo ena amene si a fanizo ili, ndipo amenewo asachedwe pakhomo. Bondo lotupa, lotentha, thupi likutenthanso. Bondo lotsekeka osawongoka, kapena lobwerera m'mbuyo pambuyo pogwa. Ululu wodzutsa usiku munthu akuwonda. Mwana wotsimphina amene akuloza bondo, pomwe nthenda ingakhale m'chiuno. Amenewa apite kuchipatala chaching'ono cha ku Chiosya kuti akawatumize kuchipatala chachikulu cha paboma la Mchinji. Kuyambira mu 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa makiliniko ofesa a mafupa, omwe amagwira ntchito m'zipatala za maboma, ndipo matenda ovuta amapita ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Akatswiri a mafizo nawo tsopano amaphunzira konkuno ku Blantyre, kusukulu ya zaumoyo yomwe lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, koma ndi ochepa ndipo ambiri ali m'mizinda.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mankhwala amene anapambana ku Netherlands, ku Brazil ndi ku Denmark ndi otsika mtengo kuposa ena onse, koma amasowa kumudzi chifukwa safika m'katoni. Amafika ndi munthu amene angagwade pamphasa n'kunena kuti, "Mayi, tukulani chonchi, chiuno chisagwere m'mbuyo," n'kudzabweranso pakatha masabata awiri kudzaona ngati zikuyenda. Alangizi a zaumoyo amayenda kale m'midzi yozungulira Chiosya ndi sikelo ndi katemera. Aphunzitsi a masewera amakhala ndi ana pabwalo madzulo alionse. Mafizo asanu ndatchulawa katswiri mmodzi wochokera paboma angawaphunzitse anthu amenewa m'mawa umodzi, ndipo nthawi yabwino ndi Malichi kapena Epulo, ngolo zisanayambe kututa.