Anthu Olondera Mtsinje wa Shire

Mtsinje wa Shire uli ndi eni ake ambiri. Alimi a nzimbe ku Nchalo amati ndi wawo, asodzi a ku Malombe amati ndi wawo, a EGENCO opanga magetsi ndiye moyo wawo wonse uli momwemo. Koma anthu amene amadzukira kukausamala mtsinjewu sitiwadziwa n'komwe. Timawakumbukira mpopi ukauma kapena magetsi akathima, ndipo pamenepo pakamwa pathu sipatuluka zabwino.

Pa Liwonde pali Kamuzu Barrage, yomwe inamangidwa mu 1965. Zitseko zake ndi zimene zimatsina kapena kumasula madzi ochokera m'nyanja ya Malawi, ndipo bungwe la National Water Resources Authority ndi limene limanena mlingo wake. Kukweza chitseko sikuvuta. Chimene chimasowetsa tulo ndi kudziwa polekezera. Mukamasula kwambiri, mwamiza minda ya ku Chikwawa ndi Nsanje, mwatayanso madzi amene adzafunike m'chilimwe. Mukatsina, a kumtunda akukuwa. Mu 2024 nyanja inadzaza mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, eni ake n'kumalira kuti zitseko zitsegulidwe. Chonsecho mu 2016 ndi 2017 madzi anachepa, makina a ku Nkula ndi Tedzani anasowa chowazunguza, dziko n'kumagona mumdima. Ogwira ntchitoyi sayiwalanso kuti kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 Shire anasiyiratu kutuluka m'nyanja. N'chifukwa chake dzanja lawo limaumira.

Ziwerengero zimene akatswiriwa amadalira zimayambira kwa munthu wamba wa m'mudzi. M'mawa ndi madzulo amatsikira kudooko, n'kuyang'ana pamene madzi afika pa chitsulo cholembedwa manambala, n'kulemba m'kope. Kandalama kamene amalandira n'kochepa, koma iye akajomba, makompyuta a ku Lilongwe amangolota.

Pa Liwonde pomwepo pali gulu lolimbana ndi namasupuni. Chomerachi chimayandama n'kulukana ndi udzu ndi mabango mpaka kukhala tizilumba toyenda. Chingwe chotchinga chimene chinayalidwa pamtsinje chimatikola, makina n'kumavuula, malole n'kumakataya kumtunda. Mawa lake mumapeza zadzadzanso. Ndipo muno si m'dziwe losewerera: nkhalango ya Liwonde ili pafupi, ng'ona ndi mvuu zili momwemo. Zimene zapulumuka apa zimakakodwa pa zitsulo zosefa madzi ku Nkula, pamodzi ndi zigubu, majumbo ndi zitsa za mitengo. Zikachuluka, makina amazimitsidwa kuti anthu achotse kaye. Ena ntchito yawo ndi kukokolola matope amene akwirira madamu. Mu January 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuzimirira, ndipo kukonza kwake kunatenga nthawi yoposa chaka.

Matopewa ndi nthaka ya minda ya ku Ntcheu, Balaka, Neno ndi Mwanza, imene imatsika ndi Rivirivi, Lisungwi ndi Wamkulumadzi chifukwa mapiri anametedwa ndi nkhwangwa za makala. Ine ndimaona kuti mwa onse a pamtsinjewu, mlangizi wa zaulimi ndiye anasenza katundu wolemera. Amaphunzitsa mizere ya akalozera, kubzala vetiva, kusiya mpata m'mbali mwa mtsinje. Mlimi amavomera zonse mwaulemu, kenako n'kufunsa kuti: “Nanga alangizi, dimba ndikalime kuti? Chinyezi chili kumadziko.” Funsoli lilibe yankho lachidule.

Madzi ambiri a mumzinda wa Blantyre amachokera mumtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo ulendo wonse ndi chikweza, kotero ndalama zambiri za Blantyre Water Board zimathera ku magetsi opopera. Kumeneko kuli anthu othira mankhwala okhazikitsa matope, otsuka masefa a mchenga, oyeza klorini. Nthawi yawo yowawa ndi dzinja. Madzi amabwera ofiira ngati thobwa, mapampu amatsamwa, ndipo mzinda umakhala ndi mipopi youma mvula ikugwa panja.

Mumzindamo muli mtsinje wa Mudi, wochokera m'phiri la Ndirande, wodutsa m'mafakitale a ku Makata, wolandira suweji ya mapaipi ophulika. Oyendera zachilengedwe amabwera ndi mabotolo awo kudzatunga madzi okayeza, koma mpope wotaya zoipa usiku sudikira munthu woweruka 5 koloko. Kumunsi kwake anyamata akukumba mchenga, ena akutsuka magalimoto, amayi akuchapa.

Womaliza pamzerewu ndi mayi wa pa kiyosiki ku Ndirande kapena ku Bangwe. Madzi akabwera pakati pa usiku, amadzuka kukatsegula, chifukwa ndowa zafola kale. Akasowa, mwano wonse umathera pa iye, ngakhale sanawonepo Walker's Ferry. Anthu amatsikira kumtsinje kapena kuzitsime zosatetezedwa, ndipo pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, alangizi a zaumoyo ndi amene ankayenda khomo ndi khomo, kugawa klorini wothira m'ndowa zomwezo.