Mtambo wa Carina sutuluka ndi chithunzi chimodzi

Mvula ikatha, mu Meyi, kumapiri a Nyika ku Rumphi kumakhala mdima weniweni. Chakumwera, pafupi ndi nyenyezi za Southern Cross, mtambo wa mpweya wotchedwa Carina umaoneka ngati kachifunga. Koma mukaujambula kamodzi, chithunzi chimadzaza timadontho tosokoneza.

Ine ndimaimika kamera osagwedezeka n'kujambula zithunzi 100, chilichonse masekondi ochepa kuti nyenyezi zisasanduke mizere. Kenako pulogalamu yaulere ya Siril imazisanjikiza pakompyuta. Timadontho tija timasinthasintha malo, ndiye timafafanizana, pomwe kuwala kwenikweni kumatsala. Kusokoneza kumachepa kakhumi!

Ndikawalitsa chithunzicho pang'onopang'ono, kufiira kwa mpweya wa haidrojeni kumatulukira. Musawonjezere utoto wanuwanu, anzanga. Kuwalako kwayenda zaka zoposa 7,000. Kusiyeni kuoneke mmene kulili.